"Ndimamutenga ngati mwana wanga": kodi chikondi chingakwanire popanda chilungamo?

Funso: Ndili ndi mtsikana wantchito amene wakhala nafe zaka 6. Akadwala ndimapita naye kuchipatala, mayi ake atamwalira ndinakafika kumaliro ndi kuthandizapo, ndipo mwana wake, amene amakhala ndi agogo ake, ndimamugulira yunifolomu. Ndikuvomera kuti malipiro ake ndi ochepa, nthawi zina amachedwa, ndipo tsiku lenileni lopuma alibe poti amagona pakhomo pomwepo. Mwana wanga wamwamuna, amene ali ku yunivesite, wandiuza kuti mtsikanayu ndikumudyera masuku pamutu, akuti iye akufunika chilungamo osati chifundo changa. Zandipweteka kwambiri. Kodi chikondi ndi chilungamo ndi zinthu ziwiri zosiyana? Kodi munthu angakonde mnzake koma n'kumamuchitira zosalungama?

Yankho: Mayi, ndiyambire pa funso lanu lomalizalo, chifukwa ndikuganiza kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Inde, zimatheka. Munthu angathe kukonda mnzake ndi mtima wonse koma n'kumamulakwira tsiku ndi tsiku, iye osadziwa n'komwe. Zoti mtsikanayu mumamukonda ine sindikukayika. Munthu wopanda chikondi sasiya zochita zake kukakhala pamzere wa kuchipatala ndi wantchito wake, ndipo maliro a kwa wantchito amangowamvera patali. Inu munakafika. Zimenezo musazichepse, ndipo mwana wanu naye asazichepse. Komabe mnyamatayo wanena chinthu choona, kungoti wachiponya ngati mwala m'malo mochipereka m'manja.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa za makhalidwe ndi kuyanjanitsa anthu olembana ntchito, palibe mawu amene ndawamva kawirikawiri kuposa akuti, "Koma ine ndimamutenga ngati mwana wanga." Owanenawo nthawi zambiri sanama ayi. Chovuta n'chakuti mawuwa amakonda kugwira ntchito mbali imodzi. Ikakwana 9 koloko usiku mbale zikadali zosatsuka, mtsikanayo ndi mwana wa m'nyumba, ndipo mwana sawerengera makolo ake maola. Malipiro akachedwa ndi milungu iwiri, ndi mwana wa m'nyumba, amvetsa. Koma ikafika nkhani ya amene apitirize sukulu, amene agone m'chipinda chabwino, amene adzalandire kanthu eni nyumba akadzatsikira kuli chete, pamenepo aliyense amakumbukira bwinobwino kuti uyu ndi wantchito. Mapeto ake munthuyo amasenza udindo wa mwana koma gawo la mwana alibe, amagwira ntchito ya wolembedwa koma ufulu wa wolembedwa alibenso.

Pali funso limodzi limene ndimafunsa anthu ngati inu, ndipo kawirikawiri limawakhalitsa chete. Kodi mtsikanayu angakukanireni? Tiyerekeze kuti ndi Lamlungu masana, kwabwera alendo mwadzidzidzi, iye wavala kale kuti akaone mwana wake. Kodi angathe kunena kuti, "Amayi, lero pepani, ndinapangana ndi mwana wanga," n'kutuluka, mawa lake n'kudzuka m'nyumba mwanu wopanda mantha ndi nkhope yanu? Ngati sangathe, ndiye kuti "chabwino amayi" wake aliyense amene mwamumva pa zaka 6 zonsezi simungadziwe kuti anachokera mumtima kapena m'mantha. Izi zikukupwetekaninso inuyo, chifukwa chikondi chimene iye amakuonetsani simungachisiyanitse ndi kusowa kolowera.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mphatso ndi chimene munthu ayenera kulandira. Yunifolomu ija ndi mphatso. Mungaipereke chaka chino, chaka chamawa osapereka, ndipo palibe angakuimbeni mlandu. Wolandirayo amayenera kuthokoza, ndipo amayenera kusamala kuti asakukhumudwitseni, kuti mwina mphatsoyo ingaleke. Malipiro okwanira pa tsiku lake si mphatso. Ndi zake. Angathe kuzifunsa ataimirira, osagwada, ndipo atalandira angathe kugula yekha yunifolomu ya mwana wake, kapena kuona kuti mwezi uno chofunika kwambiri ndi nsapato. Munthu amene moyo wake wonse watsamira pa mphatso amagwira ntchito ina yachiwiri imene salipidwa: kusunga nkhope yosangalala nthawi zonse, kumeza mawu, kuwerenga mmene bwana wadzukira. Ntchito imeneyo imatopetsa kuposa kuchapa.

Ndisayankhule ngati kuti ine ndilibe banga. Zaka zapitazo ndinali ndi mlonda, bambo wachikulire wofatsa kwambiri. Nyengo yozizira itafika ndinamupatsa jekete yanga yabwino, ndinamugulira tochi, ndipo mayina a ana ake onse ndinkawadziwa. Usiku wina ndinatuluka panja cha m'ma 2 koloko, ndinamupeza ali mtulo pampando, chibonga chili pamiyendo, mutu utapendekera kukhoma. Ndinapsa mtima, ndinamudzutsa ndi mawu okalipa. Iye anaimirira, navula chipewa, nati, "Bwana, pepani. Ndikachoka pano m'mawa ndimakagwira ganyu kwina, chifukwa ya panoyi imatha mwezi usanafike pakati." Zaka zitatu zonse ndinali ndisanamufunsepo kuti amagona nthawi yanji. Ankabwera masiku 7 pa mlungu. Ana aja ndinkawatchula mayina, koma sindinakhalepo pansi kuwerengera ngati ndalama imene ndinkapatsa bambo awo ingawafikitse kumapeto kwa mwezi. Ndinabwerera m'nyumba, tulo sindinatione. Ndinkamukonda munthu uja, ndipo ndinkamulakwira. Zonse ziwiri zinali zoona usiku womwewo.

Ndiye kodi ndi zinthu ziwiri zosiyana? Ine ndimati ndi zosiyana, koma n'zosalekanitsika. Anthu akale amene anaganizira nkhaniyi mozama sanazilekanitse. Lamulo lotchuka lija lakuti uzikonda mnzako monga udzikondera iwe mwini lili pa Levitiko 19:18. Ambiri timaliloweza palokha, osayang'ana zimene zili pamwamba pake m'mutu womwewo. Vesi 13 ikuti malipiro a munthu waganyu asagone kwa iwe mpaka m'mawa. Vesi 9 ndi 10 zikuti pokolola usamalize mpaka m'mphepete mwa munda, usiyire wosauka ndi mlendo. Vesi 15 ikuti poweruza usakondere wosauka ndipo usaope wolemera. Kenaka m'pamene pakubwera mawu a chikondi aja, ngati chingwe chomangira mtolo wonse. Kwa wolemba uja, kukonda mnzako kunali kulipira pa nthawi yake. Ndipo pa Deuteronomo 5:14, pamene pakunenedwa za tsiku lopuma, chifukwa chake chatchulidwa mosabisa: kuti wantchito wako wamwamuna ndi wamkazi apumule monga iwe. Mawu akuti "monga iwe" ndi omwe aja a m'lamulo la chikondi.

Si Akhristu okha. M'Chiheberi, mawu amene Ayuda amagwiritsa ntchito ponena za kuthandiza osauka ndi tzedakah, ndipo tsinde lake ndi tzedek, kutanthauza chilungamo. Kwa iwo wopereka sakuchita zaulere, akubweza choyenera. M'Chisilamu, zakat ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za chipembedzo, gawo la 2.5 peresenti pa chuma chimene munthu wasunga chikapitirira mlingo woikika, ndipo Qur'an 51:19 imanena kuti m'chuma cha anthu olungama muli gawo limene ndi la wopempha ndi wosowa. Gawo lake, osati chisomo chako.

Tsopano tiikuze nkhaniyi, chifukwa mwana wanu ponena za chilungamo sakuganiza za khomo lanu lokha. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera mu 2021 kuti anthu ogwira ntchito za m'nyumba padziko lapansi alipo 75.6 miliyoni, ndipo atatu mwa anayi alionse ndi akazi. Mtsikana wanu anachita mwayi kupeza mayi wa mtima wabwino. Koma mwayi si chinthu chomangirapo moyo wa anthu 75 miliyoni. Ena mwa iwo ali m'nyumba zimene amamenyedwa, ena analandidwa ziphaso zawo, ena sanalipidwe miyezi. Inu simudzawaona. Simungapite nawo kuchipatala. Njira yokhayo imene chikondi chanu chingawafikire ndi kudzera m'malamulo ndi m'kachitidwe kamene kamateteza wantchito aliyense, kaya bwana wake ndi wabwino kaya ndi woipa. Ine chilungamo cha pakati pa anthu ndimachimva motero: ndi chikondi chimene chakonzedwa kuti chikafike kwa anthu amene sudzawadziwa mayina.

N'chifukwa chake pa 16 June 2011, ku Geneva, mayiko anagwirizana pangano la nambala 189 la ILO lokhudza antchito a m'nyumba. Antchito eni ake, kudzera m'mabungwe awo, ndi amene analimenyera nkhondo zaka zambiri, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene lili nazo si zodabwitsa: kupuma maola 24 otsatizana pa mlungu uliwonse, kulipidwa ndalama mosadumphitsa kamodzi pa mwezi kapena kuposera apo, kuuzidwa momveka bwino zimene mwagwirizana ndipo ngati n'kotheka zilembedwe, kusakakamizidwa kukhala pakhomo pa nthawi yopuma, kusunga yekha ziphaso zake. Chodabwitsa n'chakuti zinthu zazing'ono chonchi zinadikira mpaka 2011. Ku United States, lamulo la 1938 limene linakhazikitsa malipiro ochepetsetsa linawasiya kunja antchito a m'nyumba, ndipo analowetsedwamo mu 1974. M'mayiko ambiri maganizo anali akuti za m'nyumba ndi za pabanja, lamulo lisalowereremo. Taonani mmene mawu a chibale anagwiritsidwira ntchito potsekera anthu kunja.

Mbiri ili ndi phunziro lowawa kuposa apa. M'nthawi ya ukapolo analipo eni akapolo amene ankadzitcha achifundo, ena mwina analidi ofatsa poyerekeza ndi anzawo. Kufatsa kwawoko sikunamasule munthu. Britain itathetsa ukapolo m'madera ake ambiri ndi lamulo la 1833, boma linapereka chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni. Ndalamazo zinapita kwa eni akapolo. Anthu pafupifupi 800,000 amene anagwira ntchito yaulere moyo wawo wonse sanalandire kalikonse, ndipo ambiri anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838. Sindikukufanizirani ndi eni akapolo, mayi, ndipo musamve choncho. Ndikungofuna muone kuti mtima wabwino wa munthu mmodzi ungakhale mkati mwa dongosolo lokhota popanda kuliwongola ngakhale pang'ono.

Martin Luther King Jr., mlaliki amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda ku United States, analankhulapo za fanizo la Msamariya wachifundo mu tchalitchi cha Riverside ku New York pa 4 April 1967. Mfundo yake inali yakuti kutola munthu wovulala m'mbali mwa msewu ndi chiyambi chabe, tsiku lina msewu wonse wa ku Yeriko uyenera kukonzedwa kuti anthu aleke kumenyedwa ndi kuberedwa akamadutsamo. Patatha chaka chimodzi chenicheni, pa 4 April 1968, anamuwombera ku Memphis. Chimene anapitira kumeneko anthu ambiri sachikumbuka. Pa 1 February chaka chimenecho amuna awiri otola zinyalala, Echol Cole ndi Robert Walker, anabisala mvula kumbuyo kwa galimoto yawo ya zinyalala, makina opanikiza zinyalala anayamba kugwira ntchito, nawaphwanya. Anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito, atanyamula zikwangwani zonena kuti iwonso ndi anthu. Mlaliki wa chikondi uja anafera pa nkhani ya malipiro ndi chitetezo cha otola zinyalala. Kwa iye panalibe malire pakati pa ziwirizi.

Zimenezi zili ndi mtengo wake, ndipo si onse amene amaombera m'manja. Dom Hélder Câmara, amene anali arkibishopu wa Olinda ndi Recife ku Brazil kuyambira 1964 mpaka 1985, amakumbukiridwa ndi mawu akuti akapatsa osauka chakudya anthu amamutcha woyera, koma akafunsa chifukwa chimene osaukawo alibe chakudya amamutcha wachikomyunizimu. Chifundo sichiopseza munthu, chifukwa chimasiya aliyense pampando wake, wopereka pamwamba wolandira pansi. Funso lakuti "chifukwa chiyani" ndi limene limagwedeza mipando. Ndipo m'nyumba mwanu mpando umene wagwedezekawo ndi wanu, n'chifukwa chake zapweteka.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ku South Africa pa nkhani ya mankhwala a ma ARV. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mankhwalawa analipo kale, koma mtengo wake unkapitirira madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Anthu achikondi anali ponseponse: ankasambitsa odwala, ankawatembenuza pamphasa, ankalera ana amasiye. Ntchito yopatulika, koma odwalawo ankafabe. Mu December 1998 kunabadwa gulu la Treatment Action Campaign, ndipo mmodzi wa oliyambitsa, Zackie Achmat, amene anali ndi kachilombo ndipo akanatha kupeza mankhwalawo, anakana kumwa mpaka anthu wamba atayamba kuwapeza m'zipatala za boma. Nelson Mandela anakamuona kunyumba kwake mu 2002 ali wofooka. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India inanena kuti ingagulitse mankhwalawo pa madola 350 pa chaka, mu April chaka chomwecho makampani 39 a mankhwala anasiya mlandu umene anasumira boma la South Africa, ndipo mu 2002 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linalamula boma kupereka nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatengere kachilombo kwa mayi ake, kwa amayi oyembekezera. Achmat anayamba kumwa mankhwala mu 2003, chaka chimene boma linavomera kuti liwapereka kwa anthu onse. Ndiuzeni, pamenepa chikondi chikuthera pati ndipo chilungamo chikuyambira pati? Wosambitsa wodwala ndi wopita kukhoti onse ankatumikira munthu mmodzimodziyo.

Tsopano mawu anga kwa mwana wanu, ndipo mungamuwerengere. Chilungamo chopanda chikondi chimasanduka chinthu choopsa. Munthu angathe kukonda "osauka" onse a padziko koma osadziwa dzina la mwana wa mtsikana amene amamuchapira malaya. Angathe kudziwa mawu onse a ufulu wa anthu koma n'kuwagwiritsa ntchito ngati mkwapulo wokwapulira mayi ake. Zikakula, zimafika poipa zedi. A Khmer Rouge, gulu limene linkalamulira Cambodia pakati pa 1975 ndi 1979, ankati akumanga dziko lopanda wolemera ndi wosauka, ndipo anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anafa. Atsogoleri aja ankakonda chithunzi cha dziko chimene chinali m'mitu mwawo, anthu enieni anali zopinga chabe. Mu August 1967, ku Atlanta, King ananena mfundo imene ndimaibwereza kwa ophunzira anga chaka chilichonse: mphamvu yopanda chikondi imapondereza, chikondi chopanda mphamvu n'chofooka ndipo sichisintha kanthu. Anthu ambiri amakonda theka limodzi la mfundoyi, limene likuwakomera.

Lamulo limaika poyambira, pamene munthu sayenera kutsikirapo. Koma lamulo silipita kumaliro. Palibe pangano la ku Geneva limene lingalamule munthu kukhala pambali pa bedi la wodwala usiku wonse. Zimene mwachita inu zaka 6 izi lamulo silingazipange, ndipo dziko limene aliyense amangopereka zimene zalembedwa basi lingakhale lozizira kwambiri. Choncho mnyamatayo asanene kuti chifundo chanu n'chopanda ntchito. Ndipo adzifunse yekha: akabwera kutchuthi, ndani amamutsukira mbale? Ndalama imene yakhala ikupulumutsidwa pa malipiro ochepawo, kodi ina sinathere pa fizi yake? Ngati akufunadi chilungamo, nayenso ali ndi gawo lolipira, ndipo liyambire pa zovala zake.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muupewe, chifukwa anthu a mtima wofewa ndi amene amagweramo. Mungapite kwa mtsikanayo misozi ili m'maso, n'kumupepesa, iye n'kunena kuti, "Palibe kanthu amayi, inu mwandichitira zambiri," nonse n'kulira, mtima wanu n'kupepuka, mwezi wamawa zonse n'kukhala mmene zinalili. Kupepesa kotero kumathandiza wopepesayo. Ku South Africa komweko, komiti ya Truth and Reconciliation Commission, yofufuza nkhanza za m'nthawi ya tsankho, imene ankatsogolera Desmond Tutu, inayamba kumva maumboni mu 1996, ndipo anthu oposa 21,000 anapereka nkhani zawo. Dziko lonse lapansi linagoma ndi mtima wokhululuka wa ozunzidwa. Koma chipukutamisozi chinachedwa zaka, ndipo mu 2003 boma linapereka R30,000 kamodzi kokha kwa aliyense, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene komitiyo inapempha. Ozunzidwa ambiri anatsala ndi mtima woti iwo anapereka chikhululuko chonse, koma chimene anabwezeredwa chinali chochepa. Kupempha wofooka kuti akhululuke pamene wamphamvu sanabweze kanthu ndi kumusenzetsa katundu kachiwiri. Zakeyu, pa Luka 19, sanangolira. Anatchula nambala: theka la chuma chake kwa osauka, ndipo amene anamulanda kanthu amubwezera kanayi. Mlandu suola, ndipo ngongole ya malipiro siifafanizika ndi misozi.

Ndiye muchite chiyani? Musanalankhule naye, khalani nokha ndi pepala. Lembani nthawi imene amadzuka ndi imene amagona, muwerengere maola a pa mlungu. Anthu ambiri akafika apa amadzidzimuka, chifukwa sanawerengepo. Fufuzani malipiro ochepetsetsa amene lamulo la dziko lanu linaika kwa antchito a m'nyumba, ku ofesi ya zantchito angakuuzeni, ndipo muwatenge ngati poyambira osati pothera. Mukapeza kuti mwakhala mukulipira pansi pa mlingowo, kusiyanako ndi ngongole, ndipo mungagwirizane zoibweza pang'onopang'ono. Ikani tsiku la malipiro limene silisuntha. Mwezi ukavuta, ichedwe ngongole ina, osati ya munthu amene ali ndi mwana akudikira. Mupatseni tsiku lathunthu lopuma mlungu uliwonse, lotuluka pakhomo ngati afuna, ndi tchuthi cha pachaka chokwanira kukakhala ndi mwana wake. Zonsezi zilembedwe, aliyense asunge pepala lake. Ena amati kulemberana kumaziziritsa chibale. Ine ndaona zosiyana: pepala limachotsa mantha, ndipo mantha akachoka m'pamene anthu amayamba kuchezerana zenizeni.

Mwina mudzanena kuti ndalama yokwanira mulibe. Zimenezo n'zomveka, mabanja ambiri olemba antchito nawonso akuvutika, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti chilungamo n'chaulere. Koma ngati mungathe kulipira theka la ntchito, pemphani theka la ntchito. Aziweruka masana, kapena azigwira masiku ochepa, nthawi yotsalayo aphunzire luso kapena apeze ganyu kwina. Ntchito yotsalayo igawidwe kwa a m'nyumba. Chosayenera n'kulandira ntchito yathunthu pa malipiro a theka, kusiyanako n'kukutcha chibale.

Ndipo pali funso lina limene chikondi chokha ndi chimene chingafunse, lamulo silingafike kumeneko. Kodi mtsikanayu akufuna kudzakhala ndani? Zaka 6 zapita. Mwana wanu pa zaka zimenezi wachoka ku sekondale wafika ku yunivesite. Nanga iye wasuntha kuchoka pati kufika pati? Kholo lenileni limalera mwana kuti tsiku lina adzachoke akaime payekha. Ngati mumamutengadi ngati mwana wanu, muyenera kukhala wokonzeka kumuthandiza pa njira imene mapeto ake ndi kukusiyani: kubwerera kusukulu, kuphunzira kusoka kapena ntchito ina, kusunga ndalama ya mpamba, kukhala pafupi ndi mwana wake amene akukula mayi ake akulera nyumba ya eni. Apa m'pamene pamaonekera ngati timakonda munthuyo kapena timakonda mpumulo umene amatipatsa. Kwa ine ndi mlonda uja, zinatha chonchi: tinagwirizana masiku 5 pa mlungu ndi malipiro okwera, ndinachita kusiya zinthu zina zimene ndinazolowera kuti ndikwanitse, ndipo patapita chaka ndi theka anandiuza kuti wapeza ntchito ya masana ndipo akusiya. Ndinamva chisoni, koma anatsanzika akundiyang'ana m'maso, chipewa chili kumutu.

Mukadzakhala naye pansi, musayambe ndi kumukumbutsa zabwino zimene mwamuchitira, chifukwa mukatero mwamutseka pakamwa. Muuzeni kuti mwawerengera, mwapeza kuti simunamuchitire bwino pa malipiro ndi pa kupuma, ndipo mukufuna kukonza. Kenaka mufunseni chimene chimamuvuta kwambiri pakhomopo, n'kukhala chete. Ulendo woyamba adzati palibe. Musakhutire ndi yankho limenelo, zaka 6 zomeza mawu sizitha tsiku limodzi. Mudzamufunsenso patapita mlungu, ataona kuti malipiro afikadi pa tsiku lake. Akadzayamba kulankhula, mwina adzatchula chinthu chimene simunachiganizire n'komwe, kapena chokhudza mwana wanu yemweyo, ndipo mudzafunika kumvetsera osadziteteza. Tsiku loyamba limene adzatuluke m'mawa kukaona mwana wake, mbale adzatsuke mnyamata wa ku yunivesite uja, ndipo inu musadzamuimbire foni mtsikanayo kumufunsa kumene anaika sopo.